Unaponda Masamba a Maliro

Liwaladzi,
Nkhotakota.
Juni, 1983.

Mlongo wanga Habibu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Lilongweko, iwe ndi mlamu wanga Laila ndi mwana. Chifuwa chija chinamusiya?

Kuno tilipo, Alihamudulila, kungoti kukhalapo kwake ndi kongokhala. Amayi akadali m'nyumba monga chipembedzo chimafunira kwa wamasiye, ndipo chakudya amangochilawa. Mpunga tinamweta koma wopuntha palibe. Mwera nawo wavuta, asodzi angokhala pagombe kusoka maukonde. Ine ndatopa, Habibu, ndatopa mpaka m'mafupa.

Kalata yako ndinalandira. Bambo ako amwalira, iwe n'kulemba timizere tija ngati ukuitanitsa matemba! Unati pepani, malamulo a pamsewu sanakulole kuima. Chabwino. Iwe unaona zonse uli kuseri kwa galasi. Tsopano imva mmene tinaonera ife a pansi.

Bambo anatisiya m'mawa, ndipo monga mwa Chisilamu tinayenera kuwaika tsiku lomwelo. Tinathyola masamba a mango n'kuwayala pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira pa maliro aliwonse kuti odutsa adziwe. Ndipo ankadziwadi. Apanjinga ankatsika n'kumakankha. Lole ya shuga yochokera ku Dwangwa inadutsa chokwawa, dalaivala wake atavula chipewa, munthu woti sitikumudziwa n'komwe.

Dzuwa litapendeka azibambo ananyamula jeneza, chithatha cha maliro, kupita kumanda, tsidya la msewu. Ali pakati pa phula, kunatulukira Landirova ikuliza hutala osalekeza. Onyamula anachita kubwerera chafutambuyo thupi lili pamapewa, amalume a Fakiri mpaka kugwera m'ngalande. Galimoto inaponda masamba aja n'kumapita. Ine ndinali pabwalo ndi azimayi anzanga, koma ndinakuona ndi maso angawa. Unali iwe pachiwongolero, ndi kapu yako ya kuntchito ija. Mudzi wonse unakuona.

Tsono amalume alumbira. Akuti pa sadaka ya arobaini, tsiku lomaliza kulira bambo, sudzakhala pamphasa ya ana a malemu, sudzapempha nawo duwa, pemphero lopempherera malemu, ndipo manda sadzakulozera. Akuti maliro sabwerera m'mbuyo, ndipo amene anawabweza si mwana wa pakhomo pano. Amalume ako ukuwadziwa, akalavula sameza.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinakuikira kumbuyo. Ndinawauza kuti msewu wa phula si kanjira ka kudambo, uli ndi malamulo ake a boma, ndipo mwana wanena kuti lamulo linamumanga. Anandiseka. Anati ndipite ndikawatengere lamulolo alione ngati lili ndi mchira.

Ndiye Lolemba ndinakwera matola kupita ku boma. Pa depoti anyamata a chipani anandiimitsa za khadi, mwamwayi ndinali nditaimangirira pansonga ya chitenje. Kupolisi anandikhazika pabenchi mpaka miyendo dzanzi, kenaka anandilozera kwa a Filipo, wapolisi wa pamsewu, mmodzi mwa aja ovala zoyera m'mikono.

Ndi munthu waulemu, ndisanamizire. Atamva kuti ndili pa maliro anandipepesa, n'kunditengera pakhoma pamene anamata zithunzi za zikwangwani. Anayamba kundiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani, ine mayi wa ana atatu.

Anati chofiira cha pamphambano chija chimatanthauza kuti ima ndithu, matayala aleke kuzungulira, uyang'ane uku ndi uku. Cha makona atatu chozondoka akuti n'chopatsa mpata, uyambe wadikira wa mumsewu waukulu adutse. Mzere woyera wosaduka pakati pa phula akuti usapitirire mnzako. Anandionetsanso choletsa kuimika galimoto, chija chili pakhomo la chipatala, kuti pamenepo utha kutsitsa wodwala koma usasiye galimoto n'kumakacheza. China n'choletsa kuima kumene, ngakhale kutsitsa nkhuku. Mutu unandizungulira, koma ndinamvetsera zonse chifukwa cha iwe.

Choletsa kuimacho ndinachiloza ndi chala. Ndinati eyaa, ndi chimenechi, chomwe chinamanga mlongo wanga. Ndinawafunsa kuti kwathu ku Liwaladzi chili pati. Anati pamlatho pokha, chifukwa ndi popapatiza. Kuchokera pamlatho kufika pakhomo pathu akuti munthu atha kuima, kuimika, ngakhale kuyala mkeka n'kugona.

Ndinafunsa za masamba. Anati m'buku la boma mulibe, koma chiyambire ntchito sanakumanepo ndi dalaivala wosawadziwa. Iwonso akuti akawaona amatsika panjinga yamoto.

Ndinalira pompo, pamaso pa mwamuna wachilendo, manyazi onse atandithawa.

Apa m'pamene anandifunsa kuti kodi mlongo wangayo amayendetsa galimoto ya ndani. Nditatchula abwana ako, akuluakulu a chipani aja, a Filipo anayang'ana kukhomo, n'kutsokomola, n'kuyamba kuwongola mapepala owongoka kale. Kenaka ananena chapansipansi kuti pali galimoto zina zimene zikwangwani sizizikhudza, ndipo oyendetsa ake saponda buleki asanauzidwe. Atatero anandiuza kuti ndithamangire matola asanathe.

Ndiye ndamva, Habibu. Sindine chitsiru. Ndikudziwa kuti kumbuyo kwako kunakhala munthu tsiku lija. Ndikudziwa kuti phazi lako likadapita pabuleki, mwina lero Laila akanakhala akuyenda m'maofesi kufunsa komwe uli, wina aliyense akumuyankha kuti sakukudziwa. Zambiri sindilemba, kalata imadutsa m'manja ambiri.

Koma nanga zimenezi ndingawauze amalume? Iwo aja ndi mawu awo ngati ng'oma? Akamva, mawa lake akazilalika pamzikiti, mkuja pamsika wa nsomba, ndipo sabata isanathe tidzakhala tikuwafunafuna iwonso. Choncho ndinabwera chimanjamanja. Atandifunsa za lamulo lija ndinawauza zoona zimene ndikanatha kunena, zoti lamulolo kulibe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ankadziwa kale. Ndinapita kukakuwombola, ndabwera nditakumangira mfundo ina.

Amayi anamva zonse ali kuseri kwa chitseko. Madzulo ndikuwapatsa madzi osamba anandifunsa funso limodzi lokha, loti kodi unachepetsako liwiro, ngakhale pang'ono pokha. Ndinati eya, unachepetsa. Mulungu andikhululukire, ine zimenezo sindinazione.

Tsopano ndatha nzeru, ndatha mawu, nsapato nazo zatha. Chatsala ndi iwe.

Arobaini ndi Lachisanu loyamba la mwezi wa mawa. Bwera, chonde. Pempha tchuthi, unene kuti ukudwala, unene chilichonse. Ubwere pa basi ngati munthu wamba, osati pa chigalimoto chija. Utsikire pamlatho, uyende wapansi kuti anthu akuone ukubwera, kapu ija uisiye konko. Ukafika ukagwade kwa amalume. Akakutukwana, meza. Za malamulo a pamsewu usadzatchulenso, ndakupempha, chifukwa tsopano ndikuwadziwa kuposa iwe. Ungonena kuti ndinalakwa, basi. Amalume ndi aukali koma ndi omwewo anakunyamula pamapewa tsiku lomwe unatuluka ku jando. Akadzaona mawondo ako m'fumbi sadzapirira, ndipo ine ndidzagwada pambali pako.

Ukapanda kubwera, dziwa kuti pakhomo pano dzina lako latha, ndipo amayi sadzafika nyengo ya mvula. Sindikukuwopseza, ndine amene ndimachotsa mbale zawo.

Ndamvanso kuti abwana ako amakonda kupita ku Dwangwa Lachisanu. Ngati tsiku limenelo udzakhale pachiwongolero m'malo mokhala pamphasa, sindidzathyolanso masamba, manja anga atopa nazo. Ndidzatenga mkeka wa bambo woswalira, uja ankapempherapo, ndidzauyala pakati pa phula, ndidzakhalapo ine mwini. Liza hutala mmene ungathere, sindidzasuntha. Pamenepo udzasankhe wekha, kuponda buleki kapena kuponda ine.

Allah akusunge m'misewu yonse imene umayendamo, akupatsenso mtima woti ubwere. Undiperekere moni kwa Laila, umuuze asade nkhawa, iye palibe amene akumuda. Mwana umupsompsone. Alamu ako a Yakubu ndi ana akupereka moni. Azakhali a Habiba a ku Malengachanzi akuti akudikira kukuona.

Amayi ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembere. Akuti ndikuuze kuti pobwera uvale juzi, kunyanja kuno kukuzizira.

Ndine mlongo wako wotopa,
Rahila