Pamene Munagoneka Mwana ku Bolero

Bolero, Rumphi

Okondedwa Amayi,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Kaya muli bwanji ku Ntchisiko, nanga bondo lija likukulolani kupita kudimba? Kuno mpongozi wanu Pamela ali bwino. Ine thupi lilipo, koma mtima suli m'malo.

Ntchito ndinakuuzani ija yakula. Anajambula Bolero yense kuchokera m'mwamba ndi kandege kopanda munthu, ndiye ife timayenda pansi ndi kachipangizo konga foni, kumaika kadontho pa chitsime, pa tchalitchi, pa manda, kuti mapu a pakompyuta asonyeze pomanga ndi posamanga. Tawuniyi ikukula chomene, monga anenera eni ake kuno.

Amayi, kadambo kaja kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi, pa mapu akalemba kuti ndi tchire lopanda kanthu. Akufuna kuikapo depoti ya maminibasi. Inu mukudziwa amene akugona m'menemo.

Ndinakaonana ndi a Donald, mkulu wathu wa mapu. Ndi munthu wabwino, anachita kuvula magalasi pondimvetsera. Anati manda sawakhudza, ndingowapatsa kadontho mapu asanatsekedwe kumayambiriro kwa mvula. Atandifunsa kuti ndi pati, ndinangoti ndi m'dambomo. Ndikanawauza bwanji kuti mtayo amakaika amayi okhaokha, ife abambo sitipondako, ndipo sasiyapo mtumbira kapena mtanda? Iwo anati dambo lonse sangalitchinge chifukwa cha mawu a pakamwa.

Pamela tsiku loika mwanayo anali chigonere kuchipatala. Mayi Rahab a Umanyano, chigwirizano cha kuno, amene anakumba nanu, tinawaika chaka chatha. Amayi ena awiri amene munali nawo aja ndawafunsa. Wina anandifunsa ngati ndayamba kuvala chitenje, winayo anangoti yewo, zikomo wa kuno, n'kulowa m'nyumba. Mwatsala inu nokha.

Ndiulule kwa inu. Lamlungu ndinajomba kutchalitchi, ndinakazungulira m'dambomo ngati wamisala, chipangizo chili m'manja, ndikupempha Mulungu kuti andionetse. Sanandionetse. Ndinatsala pang'ono kudina paliponse n'kukanama, koma ndinaopa kutchinjiriza udzu chabe, mwana wanga ali pansi pa matayala. Pamela sindinamuuze. Iye akusangalala kuti depoti ikabwera azidzagulitsa mandasi pomwepo, ndipo akamanena zimenezi ine ndimatuluka panja.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Ndikudziwa kuti zimenezi mayi sakambirana ndi mwana wake wamwamuna. Simudzayankhula kanthu. Mudzangoima pamalopo, ine ndili patali, mukachokapo ndidzapita kukadina. Ndikudziwanso kuti mitengo munaisiya ija anthu anadula kale n'kumangira zigafa za fodya, ndiye mwina nanunso mudzangoima n'kumayang'ana uku ndi uku. Komabe bwerani.

Bondo likakukanizani, muwauze achemwali a Catherine andilembere mbali yokha imene munalowera tsikulo. A Donald sizingawakwanire zimenezo, koma ine ndizidzadziwa kumene sindiyenera kuponda pokakwera minibasi.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa achemwaliwo ndi alamu anga, ndi kwa ana onse. Muzitikumbukira m'mapemphero, pakuti anga akungothera pakhosi.

Ndine mwana wanu,
Alufeyo