Thumba la Yuriya Munatumiza Lija

Mphamba, Lundazi
18 Febuluwale 2025

Okondedwa achemwali a Linah,

Monire kumeneko ku Ndola. Kuno tilipo, mvula ikugwa bwino. Ndayamba ndi mvula dala, chifukwa amayi anakuuzani pa foni kuti ndiyo inakokolola feteleza m'munda mwawo. Ananama pofuna kundibisa ine.

Thumba la yuriya munatumiza lija linafika lathunthu, wolibowola ndine. Ndinawerenga kuti ukawotcha yuriya m'chiwiya chovundikira, moto n'kukhala wokwanira, pamatsala ufa wachikasu wa kaboni ndi nayitirojeni umene umawala buluu ukauwunika ndi tochi ya UV. Ndinafuna kuti ana anga a sayansi kusukulu aone chinthu chopangidwa konkuno, osati za pa bolodi zokhazokha. Komanso ndisabise, ndinafuna kutchuka.

Ndinatapa kambale kamodzi, n'kuika m'kambiya m'ng'anjo ya balani ya fodya ya amalume a Amock. Moto unapyola, zonse zinapita ndi utsi wonunkha ngati m'khola. Ndinatapanso, chivundikiro n'kusweka. Ndinatapanso. Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo: pofika tsiku lothira, m'thumba munatsala wokwana mizere makumi awiri yokha.

Ufawo unatuluka ndithu, koma sunadzaze ndi kapu yomwe. Lachiwiri lapitali masana ndinalowetsa amayi m'balani, n'kutseka chitseko, n'kuyatsa tochi ija. Unawaladi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wane, chiwala bwino. Manje zimitsa, tiye ukaone vingoma."

Achemwali, chimanga chija n'chachikasu, mtundu womwewo wa ufa wanga, ndipo chikulekeza m'chiuno pamene cha anzathu chamasula kale. Ndinasowa poyang'ana. Ndikuchita manyazi, mphunzitsi wathunthu, wodziwa ntchito ya nayitirojeni m'tsamba kuposa aliyense m'mudzi muno. Nkhokwe ya amayi chaka chino sidzaza, ndipo chifukwa chake chili m'kabotolo pa windo langa.

Chonde musawakalipire amayi. Kalipirani ine, bola mundiyankhe, chifukwa mukangokhala chete ndiye mwandipha.

Moni kwa alamu. Mwana wanu Temwani mumuuze nokha kuti chimanga chowotcha ndinamulonjeza pa Isitala chija kulibe, ine ndilibe nkhope. Amayi akupereka moni, sakudziwa zimene ndalembazi. Akuti ndikuuzeni kuti mvula idakachulukabe kuno.

Ndine mlongo wanu,
Haswell