Kadzidzi Masanasana

Bambo a mwana,

Musandifunefune, ndathamangira kwa achemwali ndi diresi la mkwatibwi lija. Adokotala a maso andidonthezera mankhwala okulitsa mwana wa diso kuti aone bwino mkati. Panopa ndili ngati kadzidzi masanasana: dzuwa likundithobwa, chapafupi chilichonse ndikuchiona mwa chimbuuzi. Ati zitha madzulo, koma mwini diresi akubwera folo koloko! Ndalimbana ndi singano mpaka kudzibaya, magazi adonthera pakolala. Achemwali akandipulumutse.

Njinga ndaisiya kwa alonda a pachipatala, mukaitenge asanatseke geti. Makatani musatsegule, ndikabwera ndifuna mdima.

Pepalali ndangolitola m'kabati. Ngati ndi setifiketi yathu ya ukwati, pepani, sindikuona. Koma musade nkhawa, posankha inu maso anali bwinobwino.

Ndine mkazi wanu wosapenya.