Kompozishoni ya Tiyamike

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Ife ku komboni ya Kwacha kuno tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa Yohane, mwana wanu wa ku Ndola uja, anachira. Khandalo ndi lalikazi, mphuno yanu yomweyo. Chimanga cha papuloti yanu ku Garneton tinakolola, ngakhale akuba anatithandizako mbali ya kumsewu. Makina anga osokera akuyendabe. Zabwino zathera pomwepo.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Tiyamike. Mayeso a giredi twelofu ayandikira, ndipo mwana wanena kuti pepala la Chingerezi sakalemba. Wanena kamodzi kokha, modekha, mmene inu munkanenera zinthu zosabwereranso. Anthu akuti wolakwa ndine.

Mukudziwa kuti sukulu ndinalekera giredi faifi, kulemba ndinadziphunzitsa ndekha pa Baibulo lanu ndi pa manyuzipepala okulungira zitumbuwa. Lero amayi a kumpingo akafuna kalata amabwera kwa ine, chifukwa ndimalemba zomveka. Ndiye Tiyamike atabwera ndi kompozishoni, ija kwathu ku Katete ankati chimangirizo, ndinati tione. Mutu wake unali wakuti kodi ana a sukulu aziloledwa kukhala ndi foni. Chingerezi changa n'chotsimphina, choncho anandimasulira. Amayi, mwana anadya theka la tsamba asananene inde kapena ayi. Akuti amenewo ndi mawu oyamba. Kenako thunthu, mfundo iliyonse ndime yakeyake ngati zipinda za lendi. Ndime ina anaikamo maganizo a anthu otsutsana naye, kuwalembera ndi dzanja lake lomwe. Kumapeto mawu omaliza, kubwerezanso zimene wanena kale ngati akulankhula ndi wogontha.

Ndinamuuza kuti kumeneko n'kuzungulira. Ngati ndi ayi, lemba ayi pamzere woyamba, ndandalika zifukwa zako, tseka cholembera. Wotsutsa adzilembere yekha. Mwana anakana, ine ndinakweza mawu, mukundidziwa. Pa mayeso oyeserera analemba mwa njira yanga, n'kulephera. Inki yofiira inati mawu oyamba palibe, ndime palibe, mawu omaliza palibe.

Ndinapita kusukulu tepi yoyezera idakali m'khosi. Aphunzitsi ake ndi ba Chanda, Mbemba wa ndevu zotuwa, amene Loweruka lililonse amasonkhanitsa ana kuwaphunzitsa kulemba mwa kufuna kwawo. Moni sindinapereke. Ndinaima pakhomo la kalasi, ana onse ali momwemo, n'kuwafunsa m'Chibemba ngati anawalemba ntchito yophunzitsa ana kuzemba nkhani. Ndinanenanso zina zimene sindingalembere inu. Iwo anangovula magalasi n'kundiuza kuti popeza Tiyamike ali ndi mphunzitsi wabwino kunyumba, Loweruka asamavutike kubwera. Ana anaseka. Tiyamike anatola chikwama n'kudutsa pambali panga ngati sandidziwa.

Kuyambira tsiku limenelo, kusukulu amapita koma buku la kompozishoni salikhudza. Amandipatsa moni, amatsuka mbale, amandiyankha ndi ulemu wonse, ulemu wozizira woti bola akanandilalatira. Ndikati tiye tilembe, amati lembani inu amayi, ndinu odziwa.

Yohane anaimba foni kuti ndikapepese. Ndinamudula. Koma ndili pamakina, ndikupinda diresi ya munthu, ndinakumbukira tsiku lija atate atangoikidwa, abale awo atabwera kudzatenga nyumba. Ine ndinatola mpini. Inu munandikhazika pansi ndi diso lokha, n'kuwayalira mphasa, kuwapatsa madzi, n'kuyamba malonje: ulendo munayenda bwanji, mvula kumudzi yagwa bwanji, agogo miyendo ili bwanji. Mutatha apo munanena madandaulo awo bwino kuposa eni ake, kuti anavutika kuphunzitsa m'bale wawo, kuti nawonso ali ndi ana. Atayamba kugwedeza mitu ndi pamene munafunsa kuti nanga ana awa akagona kuti. Nyumbayo ndi ino ndikulemberamo. Atapita munandiuza kuti, "Iwe Esnati, mawu ako amakhala oona, koma umawaponya munthu asanatambasule manja."

Ndinaimitsa makina. Malonje anu aja si mawu oyamba kodi? Kunena za abale a atate kuja si ndime ya otsutsa imene ndinamufufutitsa mwana? Sindikuti ba Chanda akhoza zonse ayi. Theka la tsamba ndi lalikulu, ndipo ndidzafa ndikunena choncho. Koma mayeso sachonga ndine.

Lero ndinakwera minibasi kupita kwa ba Chanda, mbatata m'chitenje. Ndinaodira, ndinakhala pansi, ndinafunsa za akunyumba, za magetsi othimathima, lilime likundiyabwa. Iwo anandisiya ndizungulire mpaka thukuta. Nditafika pa pepani, anayamba chimbuya, kusereulana kwa pachibale kuja Abemba amachita ndi ife a kum'mawa, akuti sankadziwa kuti odya mbewa amadziwanso kupepesa. Yankho linali kale pakamwa, la anyani amene iwo amadya, koma ndinameza. Ndinameza, Amayi, mundimve.

Mbatata analandira. Pepani anakana. Akuti ndinawanyoza pamaso pa ana, ndipo amene ndinamuchititsa manyazi kwambiri si iwo. Ngati ndikufuna Tiyamike abwerere, ndikaime pakhomo lomwe lija Loweruka, ana omwe aja alipo, ndikanene zimene ndanena kunyumba kwawo. Ndipo kubwerako asankhe mwini wake, osati ine kumukoka dzanja.

Njira yonse yobwerera ndinali kuwira mumtima. Ine Esnati, mayi wa msinkhu uno, kukaima pamaso pa tiana. Koma ndikapanda kupita, mwana salemba, zaka zonse zija zathera pakamwa panga.

Nditafika kunyumba ndinamuuza Tiyamike zonse osabisa. Anapitiriza kupukuta mbale youma kale, kenako anafunsa kuti ndikanena chiyani. Ndinati ndikanena pepani, basi, n'kutuluka. Anandiyang'ana, analowa kuchipinda, anatuluka ndi pepala ndi cholembera.

"Simungayambe choncho, amayi. Khalani pansi."

Ndakhala pansi. Akundilembera mawu oyamba, ndipo akuti pakhalanso ndime yonena zimene ba Chanda anakhoza. Za mayeso sananene kanthu, inenso sindinafunse, ndikuopa kuwononga. Koma cholembera chili m'manja mwake.

Ndikulonjezani, Amayi, Loweruka ndikanena zimene mwanayu wandilembera mpaka mzere womaliza, osawonjezapo langa ngakhale limodzi, ngakhale aseke. Inu mundigwire pakamwa kuchokera kumeneko.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnati