Magazi a Warsini

Semarang
18 Ogasiti 2019

Okondedwa achemwali anga a Harjanti,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Samarinda, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Nsalu ya batiki imene munatumiza kuti ndidzavale pa mwambo yafika, ndi yokongola. Koma chonde musagule matikiti a ndege. Ndawalembera akuluakulu a payunivesite kuti mwambo wondipatsa uprofesa auimitse kaye. Iwo ndawauza kuti ndikudwala. Inu sindingakunamizeni.

Mukumukumbukira mwana uja ndinkakuuzani chaka chimene Mayi anatisiya? Dzina sindinakuuzeni. Anali Warsini, wa kuminda ya mchere ku Rembang. Bambo ake, a Kasmuri, anabwera naye ali ndi zaka khumi ndi zinayi, chifukwa mawu anali atayamba kukula, mawere osamera, kumwezi osapita. Apo n'kuti nditangoyamba kumene ntchito yofufuza chimene chimachititsa kuti mwana m'mimba akhale mwamuna kapena mkazi. Ndinamutenga magazi, ndipo patatha milungu itatu zotsatira zinasonyeza kuti chibadwa chake n'chachimuna.

Tsiku lowauza, a Kasmuri anayamba atuluka kukasuta fodya. Mwanayo anali wanzeru, anandiwerenga pankhope. Anandigwira mkono wa chovala.

"Adokotala, chimene mwapezacho musawauze bambo."

"Chifukwa chiyani, mwananga?"

"Tilipo ana aakazi asanu. Akhala akufuna wamwamuna kuyambira kale. Ine ndine Warsini basi."

Ndinamuuza kuti asaope, zoona sizingamupweteke. Achemwali, ndinali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndinali nditapeza chinthu chimene anzanga ankangochiwerenga m'mabuku, ndipo ndinkafuna kuti banja lonse lindipatse magazi. A Kasmuri atalowa ndinawauza zonse. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikumuphikitsa mpunga mnyamata?"

Anapha mbuzi ziwiri, monga achitira pakabadwa mwana wamwamuna. Anamumeta tsitsi, mpango wake wakumutu n'kupatsa mng'ono wake. Kukhoti ndine ndinakaima ndi pepala m'manja, ndipo woweruza analemba dzina latsopano lachimuna, Warsito.

Zotsatirazo mukuzidziwa, poti munkandinyadira. Magazi a banja limenelo ndi amene anandifikitsa ku Ulaya ndi ku Australia. Mabanja ena ambiri anabwera pambuyo pake. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikufunafuna pamene panasiyana m'chibadwa cha mwana uja, ndipo mwezi wa Meyi tinapapeza: kachilembo kamodzi kosinthika pakati pa malembo osawerengeka a chibadwacho. Uprofesawo wachokera pamenepo.

Sabata yatha ndinakwera basi ya ku Rembang kuti ndikamuuze. Mumtima ndinkati ndikumupititsira mphatso. Ndinamupeza masana akukokolola mchere, mapazi atang'ambikang'ambika. Sanakwatire. Bambo ake anamwalira, iye amakhala yekha m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya makolo. Anandizindikira ndili patali. Anandipangira tiyi, n'kukhala pamphasa atapindira miyendo mbali imodzi monga akhalira amayi. Ataona kuti ndaona, anaiwongola.

Ndinamufotokozera ndikujambula papepala, iye n'kumvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye kachilemboko mukakonza?"

"Ayi, sizitheka."

"Nanga ine kandithandiza chiyani?"

"Tsopano tikudziwa chifukwa chake."

"Mukudziwa ndinu," anatero, wosakwiya n'komwe. "Ine Lachisanu kumzikiti ndimaima mzere wa amuna, kumapeto, pafupi ndi nsapato. Woyandikana nane amasiya mpata. Anzanga ndinkasewera nawo aja amadzifunda ndikamadutsa. Ang'ono anga amanditcha achimwene, koma akayamba kukamba zawo amatseka chitseko."

Ndinamufunsa chimene iye akufuna, kuti ngati n'kubwerera kukhoti ndimuthandiza. Anagwira ndevu zake, n'kuyang'ana manja ake otupa ndi mchere.

"Funso limenelo linali la tsiku lija, adokotala. Imwani tiyi, wazizira."

Potsanzikana anandipatsa kathumba ka mchere, n'kundinyamulira mpaka pamsewu. Basi itafika ndinafuna kumutchula dzina, koma sindinadziwe kuti nditchule liti. Ndinangokwera.

Anzanga akuntchito akuti ndisadziimbe mlandu, poti ana ambiri otere akakula amasankha okha kukhala amuna, ndipo amasangalala. Ndi zoona, ena amanditumizira zithunzi za maukwati awo. Koma nditabwerako ndinatsegula mafailo onse, mazana atatu ndi khumi ndi awiri. M'failo iliyonse muli zotsatira za magazi, msinkhu, kutalika kwa ziwalo, siginecha ya bambo. Malo olembapo zimene mwanayo ananena palibe. Fomuyo ndinaikonza ndine. M'failo ya Warsini ndinalemba ndi dzanja langa kuti banja lalandira bwino zotsatira. Sindikudziwa kuti ndi angati ena amene anandigwira mkono ine n'kuiwala, kapena amene anaopa ngakhale kundigwira.

Kuyambira tsiku limene ndinatsegula mafailowo kuntchito sindinapondekonso. Ophunzira anga akundidikira, pali ana anayi ofunika kuyezedwa, ndipo ndikudziwa kuti kukhala kwanga kuno sikuwathandiza. M'mawa ndimavala, n'kufika pageti, n'kubwerera. Ndimadya, musade nkhawa. Chabe kuti chakudya sindikuchimva kukoma.

Ndili ndi pempho limodzi. Alamu musawauze zonsezi, muwauze za kudwala zomwezo. Mundiperekere moni kwa iwo, ndipo asiye kukwera padenga pa msinkhu wawo. Moni kwa mnyamata wanu Bagas ndi mkazi wake. Ndamva kuti mtsikana wanu Larasati wachira bwinobwino, mumuuze kuti amayi ake aang'ono asangalala, ndipo andikhululukire kuti sindibwera msanga kudzaona mwana. Khandalo mundinyamulire inuyo, achemwali, poti manja anu amadziwa kungonyamula mwana osamuyeza. Mundipempherere. Ine ndikayesa, mawu sakubwera.

Ine mng'ono wanu,
Kinanthi