Tikulira a Mtambalika, Loya wa pa Chipata cha Mwanza

MGWIRIZANO WA AMALONDA NDI MAEJENTI A PA CHIPATA CHA MWANZA
Lachitatu, 13 Juni 2018

Kwa Mayi Deliwe Mtambalika, ana anu Vera ndi Kinsley, abale onse a kwa Nthache, ndi onse amene uthengawu uwapeze,

Ife a Mgwirizano wa Amalonda ndi Maejenti talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wakuti loya wathu, a Aloysius Mtambalika, atisiya dzulo m'mawa ku chipatala ku Blantyre, atadwala masiku asanu okha. Uthengawu utafika pa chipata, madalaivala anazimitsa mathiraki awo, maejenti owolotsa katundu anasiya mapepala pa tebulo, ndipo amayi ogulitsa manachesi anakhala pansi manja ali m'masaya. Sabata yatha yomweyi tinali nawo mu ofesi mwawo, akuseka monga mwa masiku onse.

A Mtambalika anabadira kwa Nthache m'chaka cha 1957, ndipo ntchito yawo yoyamba inali ya ukalaliki wa kasitomu pa chipata pomwe pano. Pa zaka zisanu ndi zinayi zimene anakhala pa windo la kasitomu, anaona amalonda ambiri akusiya katundu wawo ndi kubwerera kwawo akulira, osati chifukwa chakuti analakwa, koma chifukwa sankamva zimene lamulo linkanena. Izi n'zimene zinawatumiza ku Zomba kukaphunzira za malamulo ali kale bambo wa pabanja. Atamaliza mu 1995, anzawo anakatsegula maofesi ku Blantyre, koma iwo anachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo pa boma pano. Wina akawafunsa chifukwa, ankayankha kuti, "Ku Blantyre maloya ndi ambiri kale. Nanga kuno wa thiraki akagwidwa, adzalirira ndani?"

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, anaimira amalonda pa mikangano ya msonkho, komanso anthu a m'maofesi oimbidwa milandu ya chinyengo ndi katangale. Ambiri akukumbukira za amayi makumi anayi ogula zitenje ku Mozambique, amene katundu wawo anatsekeredwa mu 2003 chifukwa cha kusamvana ndi a kasitomu pa mtengo wake. A Mtambalika anapita ndi nkhaniyo mpaka ku khothi lalikulu, mbali ziwirizo zinagwirizana, ndipo amayiwo anabwerera pa malonda awo. Anamasulira malamulo a msonkho m'Chichewa, n'kumatiphunzitsa mwaulere Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Koma sanali loya wobisa mbava kumbuyo kwake. Aliyense wolowa mu ofesi mwawo ankamva mawu omwewo: "Ngati munazemba msonkho, tiyeni tikavomere, ndikakupemphereni chifundo. Ngati simunazembe, tifika kulikonse. Koma musandinamize, chifukwa bodza likaphulika m'khothi limatentha tonse awiri."

Mayi, uthenga wa chipepeso umayenera kunena zabwino zokhazokha, koma pali nkhani imodzi imene sitingaidumphe, chifukwa inu mukuidziwa, ndipo mukanationa ngati anthu achinyengo tikanaisiya.

M'chaka cha 2009, ndalama zimene mamembala athu anasonkha zomangira nyumba yosungiramo katundu zinasowa ku banki, ndipo macheke onse otapira ndalamazo anali ndi siginecha ya msungichuma wathu, a Stafford Chabwera. Sitinawafunse bwino. Tinawatengera kupolisi tokha, ena anakagenda nyumba yawo, ndipo ana awo analeka sukulu chifukwa cha chipongwe. Akazi awo atasowa kolowera, anakagogoda kwa a Mtambalika, amene anapita kukawaona a Chabwera m'chitokosi tsiku lomwelo.

"Achimwene, ndiyang'aneni," anatero a Mtambalika. "Munasaina?"

"Sindinasaine, bwana loya. Koma ndani angandikhulupirire?"

"Zimenezo zisiyeni kwa ine. Inu mungondiuza kumene munali pa tsiku lililonse lolembedwa pa macheke awa."

Titamva kuti avomera mlanduwo, ife a komiti, kuphatikizapo ine amene ndikusaina uthengawu, tinapita ku ofesi kwawo titakwiya. Anatipatsa mipando, ife tinakana kukhala. Mmodzi wa ife anawafunsa ngati sakuchita manyazi kuteteza wakuba wobera amphawi. Iwo sanakweze mawu. Anangoti, "Ngati ndi wakuba, khothi litiuza. Koma ngati si wakuba, ndiye kuti wakubayo akadali pakati panu, ndipo akudya nanu mbale imodzi."

Tinatuluka osatsanzika. Mamembala athu anakatenga mafayilo awo kwa iwo, tinaleka kuwapatsa moni pamsewu, ndipo maphunziro a Loweruka aja anatha chifukwa sikunkabwera munthu. Inu, Mayi, munkati mukalowa mumsika anthu n'kumanong'onezana kuti mkazi wa loya wa mbava wafika, mpaka munayamba kutuma ena kukakugulirani ndiwo. Zimenezi zinatenga chaka ndi miyezi iwiri.

M'miyezi yonseyo a Mtambalika sanatiyankhe, anangogwira ntchito yawo. Anakwera maminibasi mpaka ku Tete, kumene anapeza mboni zakuti pa masiku awiri olembedwa pa machekewo a Chabwera anali komweko, akudikira thiraki yowonongeka, ndipo zidindo za m'pasipoti mwawo zinavomereza. Anabweretsanso katswiri wodziwa kusiyanitsa malembedwe a anthu, amene anaonetsa khothi kuti siginechayo inali yokopera. Wokoperayo anali mmodzi wa ife a komiti, yemwe uja anafunsa za manyazi, ndipo anawoloka malire chigamulo chisanaperekedwe. A Chabwera anatuluka opanda mlandu.

Tsiku limenelo tinaima panja pa khothi mitu ili pansi, tikudikira kuti a Mtambalika atinyoze, pakuti mpata anali nawo. Anabwera molunjika kwa ife, anatipatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti, "Nkhani ya mathiraki a feteleza ija ikadalipo? Bwerani nayo Lolemba." Sanaitchulenso nkhani ya a Chabwera ija mpaka imfa yawo, ndipo ife tinabisala m'kukhala chete kwawoko. Kwa a Chabwera tinapepesa, koma kwa a Mtambalika ndi kwa inu tinkangoti tidzapita mawa, mpaka zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa.

Choncho lero, pamaso pa anthu onse a m'boma la Mwanza, ife a Mgwirizano tikuvomera kuti tinawalakwira a Mtambalika, ndipo tinakulakwirani inu ndi ana anu. Iwo sangatimvenso, koma inu mukutimva. Tikhululukireni, Mayi, ngati mtima wanu ungathe, ndipo ngati sungathe lero, tidzadikira.

Tikudziwitsa mamembala athu kuti maofesi onse a maejenti adzatsekedwa Lachisanu, tsiku loika maliro kwa Nthache, ndipo amene milandu yawo inali m'manja mwa malemuwa asade nkhawa, komiti idzakumana nawo maliro akatha. Tili ndi pempho limodzi lokha kwa akuluakulu a banja. A Chabwera anafika ku ofesi kwathu lero m'mawa, atakalamba ndiponso akuyendera ndodo, ndipo anakana kukhala pansi mpaka titalonjeza kuwafikitsira mawu awo. Anati, "Mukawapemphe andipatse malo pa bokosi, ndiyende nalo ngakhale mapazi khumi okha. Dzanja lomwe ankati linaba lija, liwanyamule."

M'malo mwa komiti, mamembala onse, madalaivala, ndi amayi a malonda a mbali zonse ziwiri za malire, tikupereka chipepeso chathu kwa inu Mayi Mtambalika, kwa Vera ndi Kinsley, ndi kwa abale onse. Mulungu amene amadziwa kulemera kwa msozi uliwonse akugwireni dzanja m'masiku akudzawa, akupatseni mphamvu pamene zanu zatha, ndipo alandire mtumiki wake kumalo kumene kulibe wonamizira mnzake.

Pitani bwino, a Mtambalika. Mwaimira ambiri, tsopano pumulani.

Ine wanu wolira nanu,

Rozina Fulutuna
Wapampando