Simenti ya Chiliza Chanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine Fanuel wanu, katswiri uja wa mbatatesi ku Dambe konse, ngakhale masiku ano ukatswiriwo watsala pakamwa basi.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Akalira amadzutsa ndi a ku Chifunga omwe. Pakamwa ndi inu ndithu, musakane.

Tsopano khalani pansi. Simenti ija anagula mlongo wanga Esinati yomangira chiliza chanu ndinagulitsa. Eya, ineyo. Feteleza anakwera moti pofunsa mtengo umayamba wavula chipewa. Pa wailesi akuti dziko lathu likugula zambiri kunja koma zogulitsako n'zochepa, kafodya, katiyi ndi nandolo, ndiye madola oitanitsira feteleza ndi mafuta akusowa. Simenti nayo inali ikusowa, choncho wogula sanavute. Ndinati ndithire feteleza m'dimba, ndikakolola ndikumangireni chiliza choti alendo aziyesa tchalitchi.

Mbatatesi inabereka, Amayi. Iliyonse ngati mutu wa a Bambo, ina tinachita kuzula anthu awiri. Koma magalimoto a ku Blantyre sanakwere phiri, anali pamzere wa dizilo m'tauni. Tinaunjika matumba m'mbali mwa msewu, kudikira, kudikira, mvula n'kutipeza. Wogula anafika mmodzi yekha, mtengo wake wachipongwe. Yotsalayo inaola, ndi nkhumba zomwe kukana.

Paja munkati, "Fanuel, pakamwa pako pamathamanga kusiya miyendo." Ndatopa, Amayi. Msana ukuwawa, ndipo kuseka ndikuchita kukakamiza.

Esinati sakudziwa. Akadali ku Joni kuchapa zovala za eni, ndipo akaimba foni amafuna chithunzi cha chiliza. Ndamunamiza kawiri kuti kamera inafa. A pa wailesi aja amati ndalama zomwe abale athu amatumiza kuchokera kunja zimapepuza dziko. Za Esinati ndiye ndinazikwirira m'dimba.

Mawa ndimuimbira ndimuuze zoona. Mukumudziwa mwana wanuyo akapsa mtima, ndiye mukamva phokoso kumeneko musadabwe. Chiliza ndidzamanga, chaching'ono, cha njerwa zoumba ndekha. Ulendo uno sindikukokomeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuel